Mtsempha wa diso si nsenjere, ukadulidwa suphukanso

Alimi anzanga a kuno ku Chiradzulu, ndi inu nonse amene mwagula nyuzi ino pa Namadzi, pa Mbulumbuzi, pa Njuli, pa Namitambo kaya pa Thumbwe, sabata ino ndati tikambirane za maso a ziweto zathu. Maganizo anga ndi awa: pali mtundu wina wa khungu umene palibe dokotala aliyense pa dziko lino lapansi angauchize, ndipo khungu limeneli kawirikawiri limalowa m'khola podzera m'manja mwa mwini khola. Limalowa ndi botolo la mankhwala a nyongolotsi, limalowa ndi mapesi ouma, limalowanso ndi ndodo. Tsono popeza kuchiza kulibe, ndalama zathu, nthawi yathu ndi malamulo a magulu athu ziyenera kupita ku kupewa.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a boma lino. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti ku Chiradzulu tilipo anthu oposa 350,000, ndipo boma lathu ndi limodzi mwa maboma aang'ono komanso othithikana kwambiri m'Malawi muno. Malo odyetserako ziweto anatha kalekale. Ng'ombe ya mkaka imakhala m'khola chaka chonse, kudya chokhacho chimene mwini wake waibweretsera. Mbuzi imakhala pachingwe nyengo yonse ya dzinja. Banja lokhala ndi ng'ombe imodzi ndi mbuzi zitatu, ziwetozo ndiye banki yake, ndiye fizi ya ana, ndiye feteleza. Amene analandira ng'ombe mu ndondomeko yopatsirana ali ndi ngongole ya thole lalikazi loti apatse mnzawo. Thole limenelo likabadwa losaona, ngongole ija ili pomwepo, ndipo chaka chathunthu chapita pachabe.

Matenda a maso alipo pawiri

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza. Pali vuto la kumaso kwa diso, pamene tonse timatha kuona. Diso limafiira, limatuluka misozi, chiweto chimatsinzina padzuwa, kenaka pakati pa diso pamayera ngati pagwera dontho la mkaka. Nthawi zambiri awa ndi matenda ofalitsidwa ndi ntchentche, kapena diso labayidwa ndi udzu, kapena muli tinyongolotsi ta m'maso. Vuto lotereli limaopsa kuliona, komatu ndi limene limachizika. Mlangizi wa ziweto akafika msanga ndi mankhwala oyenera, chiweto n'kuchisunga pamthunzi kutali ndi ntchentche, diso lambiri limachira.

Vuto lachiwiri ndi lachinyengo. Diso limaoneka loyera bwino, lopanda chilonda, lopanda msozi. Koma mbuzi ikugunda mitengo, ikukweza miyendo ngati ikuwoloka madzi, ikulira kufuna anzake amene ali pafupi nayo pomwepo. Thole likulephera kupeza bere la make. Apa ambiri amathamangira kunena kuti chiweto chalodzedwa, chifukwa diso lili bwinobwino. Ayi ndithu, si ufiti. Chimene chawonongeka chili kuseri kwa diso, kumene maso athu safikako.

Kuseri kwa diso, m'kati mwake, kuli kansalu kopyapyala kamene madokotala amakatcha retina. Kansalu kameneka ndi kamene kamalandira kuwala. M'menemo muli timaselo, ndiye kuti tizidutswa tamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo gulu lina la timaseloti lili ndi ntchito yotumiza uthenga ku ubongo. Kaselo kalikonse ka gulu limeneli kali ndi ulusi wake umodzi wautali. Maulusi onsewo amasonkhana pamodzi ngati chingwe cha khonje, n'kutulukira kumbuyo kwa diso, n'kudutsa pa kabowo kopapatiza ka m'fupa la mutu mpaka kukafika ku ubongo. Chingwe chimenechi ndiye mtsempha wa diso, ndipo mwa munthu muli maulusi oposa 1 miliyoni. Si mtsempha wa magazi ayi, ndi mtsempha wa uthenga. Ukaphwanyika, diso limakhala ngati wailesi ya mabatire atsopano koma waya wa sipika ataduka.

Zimene achule ndi makoswe atiphunzitsa

Funso limene lavutitsa akatswiri kwa zaka zoposa 100 ndi lakuti, kodi chingwe chimenechi chikaduka chingalumikizikenso? Yankho limatengera mtundu wa nyama. M'zaka za m'ma 1940 katswiri wina wa ku America, Roger Sperry, ankadula mtsempha wa diso la chule n'kudikira. Patapita nthawi maulusi aja anameranso, anapeza njira yawo mpaka ku ubongo, ndipo chule anayambanso kuona. Sperry anayesanso kutembenuza diso la chule kuti la kumwamba likhale la pansi. Mtsempha utamera, chule uja akaona ntchentche m'mwamba ankaponya lilime pansi. Izi zinasonyeza kuti ulusi uliwonse umabwerera pamalo pake penipeni. Nsomba nazo zili ndi mphatso yomweyi. Mtsempha wa diso la nsomba ukaphwanyidwa, timaselo tambiri timapulumuka ndipo pakangopita masabata nsomba imaonanso.

Tsoka lake, nyama zoyamwitsa sizinalandire nawo mphatsoyi. Ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba, galu, khoswe ndi ife anthu tili m'gulu limodzi. Katswiri wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, anaona kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti maulusi a m'ubongo ndi a m'diso akaduka amangoyesa kuphuka pang'ono n'kulekera pomwepo. M'zaka za m'ma 1980, Albert Aguayo ndi anzake ku Montreal, m'dziko la Canada, anatenga kachidutswa ka mtsempha wa m'mwendo wa khoswe n'kukasokera ku diso lake ngati mlatho. Maulusi ena anameradi motsata mlathowo. Inali nkhani yaikulu, chifukwa inasonyeza kuti timaselo tija si kuti sitingamere konse, koma kuti njira yake yachibadwa ndi imene imatitsekereza. Komabe amene anawoloka mlathowo anali maulusi ochepa chabe.

Gulu lomweli la ku Montreal linafalitsa mu 1994 chiwerengero chimene mlimi aliyense ayenera kuchisunga m'mutu. Anadula mtsempha wa diso la makoswe pafupi ndi diso, n'kumawerenga timaselo totsala tsiku ndi tsiku. Kwa masiku 5 pafupifupi tonse tinali tamoyo. Pofika tsiku la 7 theka linali litafa. Pofika tsiku la 14, pa timaselo 10 tiliwonse panalibe ndi kamodzi komwe kotsimikizika kuti katsala, chifukwa topulumuka sitinkakwana 10 pa 100. Taonani kufulumira kwake: masabata awiri okha, nthawi yosakwana n'komwe kuti chimanga chifike popalira. Anapezanso kuti bala likakhala kutali ndi diso, timaselo timachedwerapo kufa ndipo timapulumuka tambiri.

Chimene chimapha timaseloti si bala lokha ayi. Kaselo kakasiya kulandira chakudya chapadera chimene chimabwera kuchokera ku ubongo podzera mu ulusi uja, kamadzizimitsa kokha monga mmene mtengo umayoyolera tsamba limene latha ntchito. Akatswiri anayesa kubaya chakudya chimenecho m'diso la khoswe. Timaselo tinakhalitsako masiku angapo, koma pambuyo pake tinafabe. Ndipo kaselo kotere kakafa, thupi silipanganso kena kolowa m'malo mwake. Nsenjere tikamweta imaphuka, bala la pakhungu limapola, fupa lothyoka limalumikizana, koma apa ndi pamene akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Ntchito yofufuza ikupitirirabe. Mu 2008, Zhigang He ndi anzake ku Boston anachotsa m'maso a mbewa kachidutswa kena ka chibadwa kotchedwa PTEN, kamene kamagwira ntchito ngati buleki wa kakulidwe ka maselo. Timaselo tambiri tinapulumuka ndipo maulusi ena anamera. Koma dziwani zinthu ziwiri. Bulekiyo anamuchotsa mtsempha usanavulazidwe, pamene ngozi yeniyeni siichenjeza. Chachiwiri, buleki yemweyu ndi amene amathandiza thupi kuletsa khansa. Mu 2019 akatswiri a ku Harvard anapeza kuti m'diso la mbewa timaselo totumiza uthenga tilipo mitundu 46, ndipo patatha masabata awiri chivulazire mtsempha, mitundu ina inatha pafupifupi yonse pamene ina inatsala pafupifupi yathunthu. Pakati pa yolimbayo pali imene imangouza thupi kuti kwacha kapena kwada. Tsopano akufufuza chinsinsi cha yolimbayo kuti athandize yofooka.

Mu 2023 madokotala a ku New York anasamutsa diso lathunthu kuchoka kwa munthu womwalira n'kuliika kwa bambo wina amene anapsa nkhope ndi magetsi. Diso linakhala lamoyo, magazi ankayenda bwino, koma pamene madokotalawo ankafotokoza zotsatira mu 2024, bamboyo sankaona nalo. Ngati ku New York, ndi ndalama zonse zija, alephera kubwezera kuona pamene mtsempha waduka, ndani angatinamize pa msika wa Mbulumbuzi kuti ali ndi mankhwala otsegula maso a mbuzi yotere?

Botolo lopanda pepala

Njira yoyamba imene timawonongera mtsempha umenewu ndi mankhwala a nyongolotsi. Ziweto zodya udzu wa kudambo zimatenga nyongolotsi za m'chiwindi, zimene zimafala podzera mu nkhono za m'madzi. Pakati pa mankhwala amphamvu opha nyongolotsizi pali closantel ndi mbale wake rafoxanide. Ndi mankhwala abwino akaperekedwa pa muyeso wake. Akapyola muyeso amatupitsa mtsempha wa diso. Tsono kumbukirani kabowo kopapatiza ka m'fupa kaja. Mtsempha ukatupa m'menemo ulibe kothawira, umadzifinya wokha mpaka maulusi kufa, ndipo kansalu ka kuseri kwa diso nako kamawonongeka. Madokotala a ziweto a ku South Africa, Australia ndi Brazil alemba za nkhosa ndi mbuzi zimene zinachita khungu motere. Khungu lake limaoneka patapita masiku angapo chimwetsere, ndipo mankhwala osukulutsa poizoni ameneyu kulibe.

Kupyola muyeso n'kosavuta. Muyeso umatengera kulemera kwa chiweto. Mukapatsa kamwana ka mbuzi ka makilogalamu 10 muyeso wa mbuzi ya makilogalamu 40, mwakapatsa kanayi. Mankhwala ena amadikha pansi pa botolo, ndiye ngati simunakhutchumule, mbuzi zoyamba zimamwa madzi okhaokha ndipo zotsiriza zimamwa phala lake. Chinanso, closantel amakhalitsa m'magazi kwa masabata ambiri. Mlimi amene wamwetsa lero, n'kubwerezanso sabata yamawa poona kuti mbuzi ikadali yowonda, akuunjika poizoni pamwamba pa poizoni. Pa chifukwa chomwechi chokhalitsa m'thupi, mankhwala amenewa saperekedwa kwa ng'ombe imene tikukama mkaka woti anthu amwe.

Ndikudandaula kwambiri ndi mchitidwe wogula mankhwala othiridwa m'timabotolo ta zakumwa, topanda dzina, topanda muyeso, topanda tsiku lothera mphamvu. Kuopsa kwa mankhwala opanda pepala si kwa ziweto zokha. Mu 1993 ku Lithuania, m'dziko la ku Ulaya, amayi 11 anasiya kuona kwa kanthawi atapatsidwa closantel kuchipatala. Mankhwalawo anafika ngati mphatso, opanda pepala lofotokoza, ndipo madokotala anawayesa mankhwala a matenda a amayi. Ngati madokotala ophunzira anasokera chifukwa chosowa pepala, nanga ife ndi kabotolo ka pamsika? Paja safunsa anadya phula.

Mapesi okhaokha

Njira yachiwiri ndi chakudya. Ng'ombe imapeza vitamini A kuchokera ku msipu wobiriwira, ndipo imasunga wina m'chiwindi wokwanira miyezi ingapo. Kuno kwathu mvula imasiya cha mu Epulo n'kudzabweranso cha mu Novembala. Ng'ombe ya m'khola ikamangodya mapesi ouma ndi madeya a chimanga choyera miyezi yonseyo, nkhokwe ya m'chiwindi ija imaphwa, chifukwa mapesi ndi madeya otere alibe vitamini ameneyu woti n'kunena. Kwa ng'ombe yaikulu chizindikiro choyamba ndi kusaona madzulo. Masana ikuyenda bwino, koma dzuwa likalowa ikupunthwa pa chomwera. Pamenepa mpata ulipo, mukaipatsa msipu kapena jekeseni wa vitamini imabwerera.

Kwa thole nkhani ndi ina. Mafupa a mutu wake akadali kukula, ndipo vitamini A akasowa amakula molakwika. Kabowo kodutsa mtsempha wa diso kamachepa, n'kuufinya pang'onopang'ono ngati waya womangidwa pa mtengo wanthete. Thole lotere limatha kubadwa losaona ngati make anasowa msipu ali ndi bere, kapena kuchita khungu likukula. Fupa likafinya mtsempha mpaka maulusi kufa, ngakhale mulibaye vitamini wa botolo lonse siliwonanso. M'mera mpoyamba. Ng'ombe ya bere ndiyo iyenera kudya zobiriwira zoyamba pakhomo: nsenjere ya kudimba, kholowa, masamba a nandolo, gilisidiya, ndi lukina wosakaniza ndi udzu, osati lukina yekhayekha chifukwa akachuluka naye amadwalitsa. Udzu wosunga tiziumweta ukadali wobiriwira n'kuuumitsa osauleka padzuwa mpaka kuyera mbuu. Ndipo thole liyamwe mkaka woyamba wachikasu uja tsiku lomwe labadwa, chifukwa limabadwa ndi vitamini A wochepa zedi ndipo limamupeza m'menemo.

Ndodo ndi mwala

Njira yachitatu ndi kumenya kumutu. Kwa anthu nkhaniyi madokotala a maso amaidziwa bwino. Munthu wagwa panjinga, wamenyetsa chipumi, diso lilibe bala, koma sakuonanso, chifukwa mphamvu ya kugundako yayenda m'fupa mpaka pa kabowo kaja. Kwa akavalo zimachitikanso akagwa chagada n'kumenyetsa nkhongo. Sindikunena kuti ndodo iliyonse imachititsa khungu, chifukwa mutu wa ng'ombe yaikulu ndi wolimba. Koma diso lili pambali pa mutu, poyera, ndipo mwala wa legeni kapena nsonga ya ndodo siisankha pogwera. Thole ndi kamwana ka mbuzi alibe fupa lochindikala. Mbuzi ikalowa m'munda mwa eni, mlandu ndi wa mwini mbuzi ndipo bwalo la amfumu lilipo. Kuigenda kumaso sikubweza chimanga chimene yadya. Tiwauzenso ana ndi anyamata aganyu osamala khola, chifukwa ndi iwo amene amakhala ndi ziweto tsiku lonse. Misomali yotulukira ndi mawaya a m'khola nazo tizichotse.

Kuyesa ndi tochi

Mlimi aliyense angathe kuyesa chiweto chake asanaitane mlangizi. Yendetsani dzanja mofulumira kulunjika ku diso, osalikhudza ndiponso osakupiza mphepo. Chiweto choona chimaphethira. Thole kapena kamwana ka mbuzi ka masiku owerengeka sikaphethira ngakhale kakuona, ndiye musafulumire kuweruza. Kenaka madzulo, kapena m'khola mwa mdima, walitsani tochi m'diso n'kuyang'ana kamwana ka diso, kakuda kapakati kaja, kamene mwa mbuzi ndi ng'ombe kamakhala kopingasa. Diso labwino, kamwanako kamachepa kuwala kukalowa. Ngati kangokhala kotseguka kwambiri osasuntha, vuto lili pa kansalu kaja kapena pa mtsempha. Ngati kakuchepa koma chiweto sichikuonabe, vuto lili mu ubongo, ndipo chimodzi mwa zoyambitsa zake ndi mtovu wa m'mabatire akutha a galimoto ndi a sola, amene mathole amakonda kunyambita akatayidwa pafupi ndi khola. Zimene mwaonazo mukamuuze mlangizi tsiku lomwelo, pamodzi ndi botolo la mankhwala amene munamwetsa ndi chakudya chimene chiweto chakhala chikudya.

Wina afunsa kuti, ngati kuchiza kulibe, kuthamangira mlangizi n'kwa chiyani? Zifukwa zilipo zitatu. Mwina vutolo ndi la mtundu wochizika, ndipo ndi iye angasiyanitse. Mwina maulusi ena akadali amoyo, ndipo kuchotsa choyambitsa msanga kungapulumutse otsalawo, monga zimakhalira ndi vitamini A. Ndipo chachikulu, chimene chapweteka chiweto chimodzi chili m'khola momwemo kudikira zinzake. Botolo lija likadali pawindo, mapesi aja akadali m'chodyera.

Zimene ena anganene

Ndikudziwa zimene ena mukunena powerenga. Mukuti kulemba n'kosavuta, koma alangizi a ziweto ndi ochepa, mmodzi amayendera midzi yosawerengeka, ndipo botolo lathunthu la mankhwala ndi lodula kwa munthu wa mbuzi zitatu. Mukuti wogulitsa mogawa uja ndi amene amatipulumutsa. Zoona, umphawi ndi umene unabala malonda amenewa, ndipo sindikuti mlimi aleke kumwetsa ziweto, chifukwa nyongolotsi nazo zimapha. Koma kugawana botolo kungachitike mwa njira ina. Alimi khumi asonkhe, agule botolo limodzi losatsegula la pepala lake, asankhe tsiku limodzi, ayeze mbuzi iliyonse n'kumwetsa pamodzi wina akuwerenga muyeso. Mtengo kwa aliyense ukhala wochepa monga wa pamsika uja, koma mukudziwa chimene mwamwetsa.

Ena mukuti msipu wobiriwira mu Okutobala ungaupeze kuti pa kamunda kosakwana ekala? Vutoli ndi lenileni. Komabe ng'ombe siifuna kuti chakudya chonse chikhale chobiriwira kuti ipeze vitamini A. Mtolo wochepa tsiku lililonse umathandiza, ndipo mitengo ya masamba odyetsa ziweto imamera m'malire a munda ndi m'migula osalanda malo a chimanga. Pamene zavutitsitsa, jekeseni wa vitamini kwa ng'ombe ya bere ndi wotchipa kusiyana ndi thole. Enanso mukuti tidikire, azungu apeza mankhwala posachedwa. Mwina adzapezadi, ndipo ndikuwafunira mwayi. Koma kuyambira pa achule a Sperry kufika lero papita zaka zoposa 80, ndipo zimene zatheka zathekera mbewa za m'nyumba zofufuzira. Mankhwalawo akadzapezeka adzayambira kwa anthu a maiko olemera, ndipo mbuzi ya ku Nkalo idzakhala kumapeto kwa mzere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pempho langa

Kwa magulu a alimi a mkaka, amene ambiri ali pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, ndikupempha kuti pamalo aliponse posonkhanitsira mkaka pakhale tepi yoyezera pachifuwa cha ng'ombe ndi sikelo yopachika yoyezera mbuzi ndi mathole, zoti membala aliyense abwereke. Pakhalenso kope lolembamo mankhwala amene chiweto chalandira ndi tsiku lake. Makomiti oyendera makola a ng'ombe zopatsirana asamangoyang'ana denga ndi simenti, azifunsanso kuti ng'ombe ya bere idya chiyani chobiriwira mu Seputembala ndi Okutobala.

Kwa ogulitsa mankhwala a ziweto m'misika yathu, ndikupempha kuti ngati mukugawa, lembani pa kabotolo kalikonse dzina la mankhwala, muyeso pa kilogalamu ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo mufunse kulemera kwa chiweto musanalandire ndalama. Kwa a zaulimi a ku Mombezi, Thumbwe ndi Mbulumbuzi, pamodzi ndi a ku Mikolongwe amene dziko lonse limawadziwa chifukwa cha nkhuku zawo zakuda, ndikupempha kuti pa masiku a chionetsero aphunzitse kuyeza chiweto ndi kuyesa diso ndi tochi. Ndi phunziro la theka la ola. Kwa mafumu, ndikupempha kuti mlandu wogenda chiweto kumaso uziweruzidwa molemera monga mlandu wa chiweto chodya m'munda.

Chiweto chimene chachita kale khungu musachitaye mtima msanga. Ng'ombe ya m'khola yosaona imatha kuzolowera malo ake, kudya ndi kupereka mkaka, bola osasuntha chodyera ndi chomwera, ndiponso kuilankhula musanaikhudze. Mbuzi yosaona ndi yovuta kuisunga, ndipo ngati mwaganiza zoipha mutaimwetsa mankhwala, funsani kaye mlangizi masiku oyenera kudikira nyama isanadyedwe. Chimene ndikukana ndi kutaya ndalama pa mankhwala othira m'maso, shuga, fodya kapena mchere, pamene vuto lili kuseri kwa diso kumene zinthu zimenezi sizifika.

Pomaliza, diso lanu linapangidwa chimodzimodzi ndi la ng'ombe yanu. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni ndipo munthu amaonanso, koma nthenda ya glaucoma imapha timaselo tomwe tija mwakachetechete, ndipo tikafa tafa. Amene mwapitirira zaka 40, makamaka ngati kubanja kwanu alipo anachita khungu, kayezetseni maso ku chipatala cha boma kapena ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens, mu Blantyre. Anyamata a kabaza, chipewa chija n'chotetezanso maso anu.

Mlimi amasamala kwambiri chinthu chimene akudziwa kuti sichigulidwa kawiri. Mtsempha wa diso ndi chimodzi mwa zinthu zimenezo. Yezani chiweto musanamwetse, sungirani ng'ombe ya bere mtolo wobiriwira, ndipo ndodo isafike kumutu. Tikumanenso sabata yamawa patsamba lomwe lino.